Eni sukulu, ndalama za fizi si zanu mpaka teremu ithe

Akonzi,

Zikomo pondipatsa danga m'nyuzipepala yathuyi. Teremu ikamayandikira kuyamba, mkangano umakhala womwewomwewo: makolo amati eni sukulu zoyima pazokha ndi adyera, eni sukulu amati ife tilibe mlandu, mlandu ndi wa kwacha. Ine ndakhala msungichuma kwa zaka zambiri m'sukulu za sekondale za pulayiveti kuno ku Lilongwe, ndipo pali nkhani ina yomwe mbali zonse ziwirizi zimaizemba. Kwacha idagwadi, zimenezo palibe angatsutse. Koma sukulu zambiri zomwe zikudzandira lerozi zidayamba kudzandira kwacha isadagwe, ndipo gwero lake lili mu ofesi momwemo. Mwini sukulu ndiye bodi, ndiye mphunzitsi wamkulu weniweni, ndiyenso thumba la ndalama.

Sindikukamba za Kamuzu Academy ya ku Mtunthama kapena sukulu zikuluzikulu zolembetsa mayeso a Cambridge ayi. Ndikukamba za sukulu za ku Kawale, Area 25, Ndirande, Chibavi ndi pamisika ya m'maboma, kumene mayi wogulitsa kaunjika amapititsa mwana wake amene dzina lake silidatuluke pamndandanda wa osankhidwa. Sukulu zimenezi sizidangomera zokha. Boma la a Bakili Muluzi litakhazikitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, ana adakhamukira m'makalasi, kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Khamu limenelo litafika pakhomo la sekondale lidapeza malo ndi ochepa. Boma lidasandutsa ma DEC, malo a maphunziro a m'makalata, kukhala sekondale zoyendera za ma CDSS chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, komabe malo sadakwane, ndipo mpaka lero ana ambiri okhoza mayeso a Sitandade 8 sasankhidwa. Choncho sukulu za pulayiveti tikuzifuna, ndipo imodzi ikagwa ovutika ndi ana a anthu osauka.

Ndalama za sukulu zimabwera mopusitsa. Masabata atatu oyamba a teremu, mzere wa pawindo la msungichuma umakafika kumpanda. Tiyerekeze sukulu ya ana 300, aliyense akulipira K150,000 pa teremu. Mukawonkhetsa ndi K45 miliyoni. Ngakhale theka lokha litalowa masiku oyambawo, munthu amene sadazolowere kugwira ndalama zotere amadziona kuti walemera. Chonsecho ndalamazo zili ndi eni ake kale: aphunzitsi, alonda, ophika, mwini malo, ESCOM, Water Board, wogulitsa choko ndi mapepala. Ziyenera kukwanira miyezi inayi, kuphatikizapo masabata a holide pomwe pawindo paja sipafika munthu ngakhale m'modzi koma malipiro akufunikabe.

Chomwe chinkandisowetsa tulo pantchitoyi chidali kapepala. Ndili mkati molemba malisiti, kumafika mnyamata wa kunyumba kwa bwana atanyamula kapepala kong'amba m'kope, polembedwa ndi bolopeni kuti, "Mupatseni 800, ya simenti." Palibe deti, palibe siginecha, palibe chosonyeza ngati simentiyo ndi ya chipinda chophunziriramo kapena ya nyumba za lendi zomwe bwana akumanga kwina. Mawa kumabwera kapepala kena, ka matayala a minibasi. Kumudzi kukagwa maliro, bokosi, ufa ndi mafuta a galimoto zonse zimachokera m'kabati yanga. Timapepalato ndinkatisunga mu envelopu ya khaki, popeza ndinkadziwa kuti tsiku lina ndidzafunsidwa kumene ndalama zapita, ndipo wofunsayo adzakhala yemwe adazitengayo. Pofika mwezi wachitatu envelopu ija imakhala itatupa, m'kabati mulibe kanthu.

Zikatero, kuyambira pa 25 aphunzitsi amayamba kudutsa pawindo m'modzim'modzi, akunamizira kupempha choko. "Amayi, zatheka?" Ine yankho langa limakhala lakuti dikirani pang'ono, abwana akuyendera. Kuyenderako kudali kotani? Poyamba kumaitanidwa asembule ya dzidzidzi, mayina a ana osamaliza fizi n'kuwerengedwa pagulu, anawo n'kubwezedwa kwawo sabata yomwe anzawo akukonzekera mayeso. Zikapanda kukwanira, bwana amapita kwa akatapila, chikole chake fizi ya teremu yamawa. Teremu yatsopano ikayamba, ndalama za sabata yoyamba zimapita kwa wakatapila uja zisadagone m'kabati. Uku ndi kudya mbewu yodzala, ndipo sukulu ikayamba khalidwe limeneli kawirikawiri siitha kulisiya. Chaka chilichonse ngongole imakula, fizi imakwera, makolo amauzidwa kuti zinthu zadula pamsika, osauzidwa kuti gawo lina la ndalama zawo likubweza chiwongoladzanja cha simenti ya nyumba yomwe ana awo sadzaphunziramo.

Ndikamanena izi sindikuti eni sukulu ndi akuba. Ambiri amene ndagwira nawo ntchito adali aphunzitsi opuma omwe adathira ndalama zawo zonse za penshoni pa maziko a sukulu, ena adagulitsa ng'ombe, ena adasamuka m'nyumba zawo kuti ana aziphunziriramo. Akamati "sukulu ndi yanga" sanama. Koma bwana wanga, chanu ndi phindu, ndipo phindu limadziwika teremu ikatha, aliyense atalipidwa. Fizi yomwe kholo lapereka mu Seputembala ndi malipiro a ntchito yomwe simudaigwire, ntchito ya mpaka Disembala. Njira yake si yovuta ngakhale pang'ono. Dziikireni malipiro a pamwezi ngati wantchito wina aliyense, ochuluka mmene sukulu ingathere, ndipo muzidya amenewo. Tsegulani akaunti ya kubanki m'dzina la sukulu, yosainira anthu awiri, winayo asakhale mkazi wanu kapena mphwanu. Makolo azilipira kumeneko, kapena pa nambala ya Airtel Money kaya Mpamba yolembetsedwa m'dzina la sukulu, osati pafoni yanu ya m'thumba yomwe mumaguliranso mayunitsi ndi ndiwo. Teremu isadayambe, khalani pansi ndi ahedi komanso msungichuma, mulembe zonse zomwe zidzafunike mwezi ndi mwezi, ndipo malipiro a miyezi yonse muwapatule kaye musadaganize za njerwa.

Nditchule za ahedi, chifukwa mpando umenewu ndi wowawa kwambiri m'sukulu zathuzi. Mwini sukulu amasaka munthu wa digiri ya ku Chancellor College kapena Mzuzu University, kaya dipuloma ya ku Domasi, woti Unduna wa Zamaphunziro ukabwera upeze mapepala ali bwino. Akamupeza amamupatsa ofesi, chidindo ndi makiyi, koma mphamvu osamupatsa. Ahedi sadziwa kuti kubanki kuli zingati. Sangagule ngakhale bokosi la choko popanda kuimbira foni bwana. Sangadzudzule woyang'anira sitolo chifukwa ndi mlamu wa bwana, sangafunse metironi chifukwa ndi azakhali a bwana, ndipo mphunzitsi amene wajomba Lolemba lililonse amapemphera mpingo umodzi ndi bwana. Ahedi akati Fomu 3 yadzaza, tisalandirenso ana, bwana amati onjezani benchi kumbuyo, chifukwa iye akuona fizi pomwe ahedi akuona makope 90 oti mphunzitsi m'modzi achonge. Zotsatira za mayeso zikaipa, woyamba kuchotsedwa ndi ahedi omwewo.

Ndidaonapo ahedi ena, munthu wamkulu wa imvi zake, atachotsa mnyamata wa Fomu 4 amene adamenya mnzake mpaka kumugulula dzino. Komiti yosungitsa mwambo idakhala, makolo a mbali zonse adaitanidwa, kalata idalembedwa. Lachisanu lake bambo wa mnyamatayo adaimika galimoto pakhomo pa bwana, ndipo Lolemba mnyamata uja adali pamzere wa asembule, malaya atatulutsa kunja. Chifukwa chake chidali chakuti bamboyo adali ndi ana atatu pasukulupo ndipo amalipira fizi yonse tsiku loyamba. Ahedi aja adaima kutsogolo n'kulengeza za tsikulo ngati palibe chachitika, koma manja awo ankanjenjemera pogwira kope. Kuyambira tsikulo palibe mwana amene adaopanso ofesi yawo, ndipo teremu itatha adatula pansi udindo. Ndalama za ana atatu zidapulumuka, koma makolo ena atamva adayamba kusamutsa ana awo mwakachetechete.

Tsono kuti ndisaoneke ngati ndikungoloza chala eni sukulu, zaka zapitazi zawapweteka zedi. Sukulu zonse zidatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ndipo makalasi olemba mayeso adayambiranso pa 7 Seputembala. Miyezi yoposa isanu popanda fizi. Mphunzitsi wa boma ankalandirabe malipiro ake, koma wa pulayiveti adauzidwa kuti akhale kaye kunyumba, ndipo ena mwa anzanga adayamba kuotcha chimanga, kuyendetsa kabaza ndi kuphunzitsa ana a anthu pakhonde. Chaka chomwecho mayeso a MSCE adathetsedwa mu Novembala atabedwa, n'kudzalembedwanso mu Januwale 2021, zomwe zidachititsa kuti sukulu zizisamalanso ana a Fomu 4 omwe fizi yawo idali itatha kale. Mu Januwale 2023 kolera idachedwetsa kutsegulira sukulu m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe, ndipo mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy adatseketsa sukulu za m'chigawo cha kummwera. Palibe mwini sukulu amene akadaletsa zimenezi. Koma mliri wa Covid-19 uja udaonetsa poyera sukulu zomwe zinkasunga kangachepe pambali ndi zomwe zinkadya zonse. Zoyambazo zidatha kupereka ngakhale theka la malipiro ndipo aphunzitsi awo adabwerera. Zinazo zidatsegula ndi nkhope zachilendo zokhazokha, zina sizidatsegulenso.

Nayo kwacha. Idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kugwa kwachiwiriku kudabwera pakati pa teremu, fizi itakhazikitsidwa kale mu Seputembala. Sukulu yogonera komweko siingauze ana kuti nsima yatha chifukwa chimanga, nyemba ndi mafuta ophikira zakwera mtengo. Kukakongola kubanki nakonso n'kosatheka kwa ambiri, popeza Reserve Bank idafikitsa chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti mu 2024, ndipo mabanki amawonjezera pamenepo. Kukweza fizi kwambiri ndiye kuthamangitsa makolo, omwe nawonso amalipira mwapang'onopang'ono, K20,000 lero, K15,000 akagulitsa soya. Zonsezi ndi zoona. N'chifukwa chake mwini sukulu wanzeru amagula chimanga cha chaka chonse nthawi yokolola, mtengo ukadali pansi, m'malo momathamangira kumsika mu Febuluwale ndi ndalama zapamanja. Koma angagule bwanji mu Juni ngati ndalama za mu Meyi zidapita ku simenti?

Amene amasenza katundu yenseyu ndi mphunzitsi. Lamulo la ntchito la 2000 limafuna kuti wolembedwa ntchito apatsidwe kalata yofotokoza ntchito yake ndi malipiro ake, koma aphunzitsi ambiri amene ndinkawalipira adalembedwa pakamwa, ndipo amachotsedwanso pakamwa, nthawi zina pa WhatsApp. Chiyambire lamulo la penshoni la 2011, olemba ntchito ayenera kusonkha 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti. M'sukulu zina 5 peresentiyo imadulidwa ndithu pa malipiro a mphunzitsi, koma siifika ku kampani ya penshoni. Msonkho wa PAYE chimodzimodzi, umadulidwa koma n'kukhala m'kabati mpaka a MRA atabwera ndi chindapusa. Ndiye tidabwe chiyani kuti boma likangolengeza kuti likulemba aphunzitsi, a masamu ndi a sayansi amanyamuka sabata yomweyo, osatsanzika? Ana a Fomu 4 amasintha mphunzitsi wa Physics katatu chaka chimodzi, aliyense kuyambira pomwe akufuna. Eni sukulu amadandaula kuti aphunzitsi a masiku ano ndi osakhulupirika. Ine ndimati munthu amene ali ndi lendi yoti alipire pa 30 amakhala pomwe akudziwa kuti pa 28 alandira, ngakhale zikhale zochepa. Aphunzitsi ambiri sathawa kuchepa kwa malipiro, amathawa kusadziwa tsiku lolandira.

Pa nkhani ya mayeso ndingoyamikira bungwe la MANEB poyambitsa njira yolembetsa ndi kulipira mayeso mwachindunji, chifukwa kale ndalama za mayeso zinkadutsa m'kabati momwe muja, ndipo tonse tidamvapo za ana ofika tsiku la mayeso n'kupeza mayina awo palibe. Koma pali chinyengo china chomwe chikadalipo. Popeza chikwangwani cha pamsewu chiyenera kulembedwa kuti onse adakhoza, sukulu zina zimasefa ana ofooka mu Fomu 4, kuwakakamiza kubwereza kapena kuwauza kuti akalembetse kwina ngati ongodzilembera okha. Mwana walipira fizi zaka zitatu ndi theka, pamapeto pake sukulu ikumukana kuti angaipitse mbiri. Mphunzitsi wamkulu amene ali ndi mphamvu zenizeni sangalole zimenezi, chifukwa iye ntchito yake ndi mwana wofookayo. Zimachitika pomwe wolamula ndi munthu amene akuganiza za chikwangwani.

Chinthu china chomwe eni sukulu safuna kumva ndi imfa. Sukulu zambiri zili m'mutu mwa munthu m'modzi: ndiye akudziwa ngongole zonse, ndiye wosainira yekhayo kubanki, mapepala a malo ali m'dzina lake, chiphaso cha Unduna chili m'sutikesi pansi pa bedi lake. Akangomwalira, akaunti imatsekedwa, ana a kwa mayi wamkulu ndi a kwa mayi wamng'ono amayamba kulimbirana, amalume ochokera kumudzi amabwera kudzakhala mu ofesi ya ahedi. Nkhani ikamazengedwa m'makhoti motsatira lamulo la chuma cha masiye, aphunzitsi salipidwa, ndipo ana amabalalika pakati pa chaka, ena atatsala miyezi iwiri kuti alembe MSCE. Taonani sukulu za mishoni monga HHI ku Blantyre, Likuni kuno ku Lilongwe ndi Robert Laws ku Embangweni. Inde zimathandizidwa ndi boma, koma chomwe chazisunga zaka zonsezi n'chakuti sizidakhalepo chuma cha munthu m'modzi. Ahedi, abusa ndi ansembe abwera n'kupita, bodi n'kukhalapobe. Mwini sukulu amene amaikondadi sukulu yake ailembetse ngati kampani kapena ngati trust akadali moyo, aike bodi ya anthu otha kumuuza kuti apa mwalakwa, muli woimira makolo, munthu wodziwa za chuma ndi mphunzitsi wopuma wa m'deralo, ndipo alembe wilo yonena bwinobwino za tsogolo la sukuluyo. Bodi ya mkazi, mwana ndi mlamu si bodi, ndi msonkhano wa banja.

Kwa akuluakulu a ISAMA ndi PRISAM, mabungwe a eni sukulu zoyima pazokha, timakumvani pawailesi mukamalankhula za misonkho ndi za fizi, ndipo mumayankhulira mamembala anu bwino. Koma mamembala anuwo ambiri ndi akatswiri a choko omwe sadaphunzirepo kulemba bajeti. Pa holide iliyonse aitaneni m'zigawo, iwo pamodzi ndi ahedi ndi asungichuma awo, muwaphunzitse kasungidwe ka mabuku a ndalama, malamulo a ntchito ndi kagawidwe ka mphamvu pakati pa mwini ndi ahedi. Sukulu zing'onozing'ono zisanu kapena khumi zikhoza kusonkherana n'kulemba wowerengera chuma m'modzi woti aziziyendera pakutha pa teremu. Ndipo membala amene salipira aphunzitsi ake mumuyitane, musadikire kuti nkhani ifike kubwalo la milandu ya apantchito.

A ku Unduna, lamulo la maphunziro la 2013 lidakupatsani mphamvu yolembetsa ndi kutseka sukulu. Oyendera anu akabwera amawerenga zimbudzi, madesiki, labotale ndi ziphaso za aphunzitsi, ndipo zimenezo n'zofunika. Koma madesiki amabwerekedwa kutchalitchi tsiku loyenderalo, ndipo mphunzitsi wa chiphaso amatha kubwerekedwanso. Chomwe sichibwerekeka ndi kaundula wa malipiro wa miyezi 6 yapitayo pamodzi ndi sitetimenti ya kubanki. Funsani zimenezo, ndipo aphunzitsi muwafunse paokha, bwana atatuluka panja. Mukaganiza zotseka sukulu, chonde muzitero pakutha pa chaka, mutawapezera ana kolowera, osati pakati pa teremu makolo atalipira kale.

Makolo anzanga, nanunso muli ndi mbali yanu. Fizi ndi ngongole ngati ina iliyonse, ndipo chizolowezi chosamutsa mwana teremu iliyonse pothawa ngongole chikupha sukulu zabwino zomwe, komanso chikuononga mwanayo. Koma mukamalipira muli ndi ufulu wofunsa. Funsani kuti akauntiyo ili m'dzina la yani. Kanani lisiti lopanda chidindo ndi nambala. Funsani ahedi kuti akhala zaka zingati pasukulupo, ndipo mwa aphunzitsi a Fomu 4 ndi angati omwe adalipo chaka chatha. Kumsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi musangopita kukamva mtengo watsopano wa fizi n'kuomba m'manja, pemphani kuti akuwerengereni momwe ndalama za teremu yatha zidayendera.

Akonzi, ndikudziwa kuti alipo eni sukulu amene zonsezi amazichita kale, ndipo aphunzitsi awo amalandira pa tsiku lake. Ndikuwapempha alembe kuno afotokoze momwe adayambira, makamaka momwe adalekanitsira thumba lawo ndi la sukulu, kuti anzawo amene akufuna kusintha teremu ikubwerayi adziwe poyambira.

Ine wanu,
Msungichuma wopuma,
Mchesi, Lilongwe